Timatumba ta ku Hilo

Pasipoti ya Tsuyako inatuluka mu Malichi. Amuna ake, a Jinpei, ataitsegula n'kuona chithunzi anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi.

"Ameneyu ndi ndani? Ku Amerika akangoona nkhope iyi akakutsekera pabwalo la ndege pomwepo. Ngati munthu amene wagwidwa ndi manachesi a eni ake m'thumba."

"Wojambulayo anandiletsa kumwetulira," anayankha Tsuyako akuwalanda kabukuko. "Bweretsani kuno, manja anuwo akununkha nsomba."

Anakaika m'kabati yokumbukiramo makolo akufa, pansi pa chithunzi cha malemu mayi ake, pamene ankasungapo chilichonse chosayenera kutayika.

Tsuyako anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu, ndipo ndege anali asanakwerepo. Anabadwira pachilumba cha Oshima, m'nyumba yomweyo imene ankakhala, chifukwa a Jinpei anachita kubwera chikamwini kudzasamala minda ya manachesi. Mkulu wake wa Tsuyako, a Mitsue, ndi amene anachoka. Anakwatiwa ali mtsikana ndi mwana wa anthu a m'mudzi momwemo amene anapita kalekale ku Hawaii, zilumba za ku Amerika, kukadula nzimbe, ndipo kuyambira pamenepo ankakhala m'tauni ya Hilo. Kwawo anabwerako katatu kokha, komaliza kumaliro a mayi awo zaka khumi ndi zitatu zapitazo. Tsopano mtima wa a Mitsue unali utayamba kuvuta ndipo madokotala anawaletsa kukwera ndege. Kuti awiriwa aonanenso pansi pano, woyenda anayenera kukhala Tsuyako.

Anakonza zonyamuka pa tchuthi chachitali cha kumayambiriro kwa Meyi, chija maofesi amatseka sabata yathunthu, chifukwa ndi nthawi imene mwana wawo Naoto akanatha kuchoka ku Hiroshima kudzakhala ndi bambo ake. A Jinpei bondo linkawavuta pang'ono, ndipo za kukhitchini ankangodziwa kuwiritsa madzi.

Lolemba lina Tsuyako anakwera basi ya m'mawa kuwoloka mlatho kupita ku tauni ya Yanai. Basiyo inadzaza ndi alendo akunja, zikwama zazikulu ngati mafiriji, akujambula chilichonse mpaka amphaka. Potsika, woyendetsa basi, amene anaphunzira limodzi ndi Naoto, anamunong'oneza: "Akuti kwathu kuno zinthu ndi zotchipa ngati zaulere, mayi. Ine ndikufuna andionetse sitolo imene akugulamoyo."

Mu ofesi yogulitsa matikiti munalibe wina kupatula mayi wogulitsayo ndi zithunzi za mitengo ya kokonati zozilala ndi dzuwa. Mayiyo anagogoda pakompyuta kanthawi. Kenako, m'malo motchula mtengo, anaulemba papepala n'kulipereka ndi manja awiri.

Tsuyako anavala magalasi. Anawavula, kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Ndanena munthu mmodzi."

"Ndi mmodzi yemweyo, mayi. Pepani kwambiri. Ndalama yathu ya yeni yagwa, ndiye mafuta a ndege nawonso akwera. Komanso ndi nthawi ya tchuthi." Anawerama ngati kuti yeniyo anaigwetsa yekha. "Chaka chino ambiri akungopita pafupi, kukasamba ku akasupe otentha, kugona kamodzi basi. Ena akumabwerako tsiku lomwelo, chakudya atanyamula cha kunyumba. Ndili ndi malo abwino ndithu, mwina mungakonde..."

"Achemwali anga sakhala m'kasupe."

Ndalama za ulendowu anazisunga zaka zisanu ndi chimodzi. Pamene ankayamba, dola imodzi inkagulidwa ndi mayeni zana limodzi ndi khumi, ndipo zikanakwanira tikiti, mphatso, n'kutsalako. Tsopano dola inali itadutsa mayeni zana limodzi ndi makumi asanu, ndipo mpunga, mazira ndi magetsi zinali zitayamba kale kutapa m'bokosi la ulendo. Komabe tikiti yokha inkakwanira. Mayi uja anati amusungira mpando mpaka Lachisanu.

Akanagula tsiku lomwelo, nkhani ino sibwenzi ilipo. Koma Tsuyako sanagulepo chinthu chachikulu asanachigonere, ndiye anabwerera kunyumba. Ndipo woyendetsa basi uja ali ndi mkazi, mkaziyo ali ndi pakamwa.

M'mawa mwake kunja kunamveka mawu. "Odi kuno, a ku Amerika!"

Anali a Sumie, oyandikana nawo nyumba, a zaka makumi asanu ndi atatu kudza chimodzi, akupuma movutika atakwera chitunda ndi ndodo yawo. Anatulutsa envulopu yoyera yomangidwa ndi kaulusi kofiira.

"Kakamba ka panjira aka. Usatsegule ndili pano, ndingachite manyazi."

"Iyayi, a Sumie, musavutike..."

"Ndavutika kale, ndakwera chitunda chanuchi. Landira, mkono watopa. Ukamuuze Mitsue kuti chisa changa chija anabwereka tili kusukulu ndikuchidikirabe."

Pofika Lachinayi, maenvulopu anali khumi ndi asanu ndi anayi, m'mudzi wa nyumba makumi awiri. Tsuyako anawayala patebulo n'kukhala pansi akuwayang'ana. Kwathu kuno wolandira kamba wa paulendo sabwerako chimanjamanja. Nyumba iliyonse imene yapereka imalandira kaphukusi kochokera komwe munthuyo anapita. Palibe amene amakumbutsa, komanso palibe amene amaiwala. Ndiponso a Mitsue anali ataika kale muyezo: ulendo uliwonse ankabwera ndi masutikesi awiri, ndipo khomo lililonse linkalandira paketi ya khofi ndi bokosi la chokoleti cha mtedza. Anthu ankakambabe za khofi ameneyo.

Mu envulopu iliyonse munali mayeni zikwi ziwiri kapena zitatu, za anthu a penshoni. Kale zimenezo zikanagula khofi ndi chokoleti n'kutsalako za basi. Tsuyako anaimbira Naoto kuti aone mitengo ya ku Hawaii pafoni yake. Naoto ataiona anati, "Amayi, mwakhala pansi?" Paketi imodzi ndi bokosi limodzi zinkameza maenvulopu awiri.

Imeneyo inali mbali yobwerera. Panalinso mbali yopita. Pakhoma panali chithunzi chimene a Mitsue anatumiza pa Chaka Chatsopano: ana, apongozi, adzukulu ndi tidzukulutudzi, nkhope khumi ndi zinayi zozungulira a Mitsue, zonse zikuseka ndi mano oyera. Munthu sangalowe m'nyumba ya anthu khumi ndi anayi kwa nthawi yoyamba, kudya mpunga wawo masabata awiri, atangonyamula mswachi.

"Ukawatolere miyala kugombe ulembepo Hawaii," anatero a Jinpei. "Adziwa ndani?"

"A Sumie adziwa."

"Ndiye bweza maenvulopuwo. Uwauze kuti zinthu zavuta. Kodi pali amene sakudziwa kuti zinthu zavuta?"

"Kubweza kamba? Mukufuna tisamuke pachilumba pano?"

Madzulo ake pawailesi yakanema panabwera bambo wina wa tayi wabuluu, wodziwa za chuma, amene anati yeni singagwe mpaka kalekale, pofika chilimwe idzadzuka. Tsuyako sankakhulupirira anthu a tayi, koma ameneyu anamukhulupirira chifukwa ankafuna kutero. Lachisanu linadutsa. Mpando uja anakhalapo wina.

Achemwali awiriwa ankalankhulana Lamlungu lililonse m'mawa, pamene ku Hilo kumakhala kudakali Loweruka masana. Moni wawo unali womwewomwewo kwa zaka makumi asanu.

"Achemwali, kwanuko kudakali dzulo?"

"Dzulo ndithu. Tandiuze, Tsuya, mawa kuli bwanji?"

"Mawa kukugwa mvula ndipo mazira akwera."

A Mitsue anaseka, kusekako n'kuthera m'chifuwa. "Ndiye ukufika tsiku lanji? Harue wakonza kale chipinda." Harue anali mwana wawo wamkazi, amene ankawasamala.

"Meyi uno zavuta pang'ono. Bondo la bambo a Naoto latupa, sindingawasiye. Mwina chilimwe."

A Jinpei, amene ankasenda nsomba zouma pakhonde, anadzutsa mutu n'kuyang'ana bondo lawo.

"Ayi, samala mwamuna," anatero a Mitsue. "Ine ndili bwinobwino, usathamange. Dzulo ndinathirira maluwa ndekha." Pakati pa mawu aliwonse ankaima kuti apume. Tsuyako anamva kupumako. A Mitsue nawonso ayenera kuti anamva kuti nkhani ya bondo yatuluka mofulumira kwambiri. Koma onse analeredwa ndi mayi mmodzi, amene anawaphunzitsa kuti kuvutitsa mnzako ndi mavuto ako ndi chipongwe, ndiye aliyense analandira bodza la mnzake mwaulemu.

"Bondo langa lakulakwira chiyani?" anafunsa a Jinpei foni itatha.

"Sendani nsombazo."

Tchuthi cha Meyi chinabwera n'kupita. M'mudzimo ana ambiri sanabwere chaka chimenecho. Amene anabwera anangogona kamodzi. Kumapeto kwa mweziwo Harue anaimba yekha. Chijapani chake chinali cha mwana wamng'ono, cha munthu wobadwira kunja, chopanda zokutira.

"Mayi aang'ono, bwerani tsopano. Amayi sali bwino. Akunama. Tikiti tigula ife. Kwa ife ndi madola ochepa, yeni ndi yotchipa tsopano."

Mwanayo sananene mwachipongwe. Koma Tsuyako anayang'ana kudenga. Chaka chimene Naoto anabadwa, mphepo yamkuntho inasasula nyumbayi, ndipo madola a a Mitsue ndi amene anagula matailosi atsopano. Kuyambira pamenepo mlendo aliyense akalowa, mayi awo ankaloza m'mwamba n'kunena kuti, "Denga la Mitsue ili." Anatero zaka makumi atatu. Tsuyako, amene ankawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pamphasa mpaka tsiku lomaliza, sanalozedwepo chala. Pamaliro a mayiwo, achemwali awiriwa akutsuka makapu, a Mitsue anati, "Udzabwere ku Hilo, ndidzakutumizira tikiti." Tsuyako anayankha kuti, "Ndidzabwera ndi ndalama zanga, sutikesi yodzaza." Nthawi imeneyo kunena choncho kunali kosavuta. Yeni inali yamphamvu, ndipo ngakhale atsikana ogwira ntchito ku positi ankapita ku Hawaii kukagula zikwama.

"Zikomo kwambiri, Harue," anatero. "Koma usavutike. Ndikubwera posachedwa."

A Jinpei anamva zonse. Patapita masiku awiri anatuluka ndi kagalimoto kawo koyera ka kumunda, n'kubwerera pa basi. Anaika envulopu yonenepa patebulo.

"Khofi wa a Sumie ndi anzawo," anatero. "Mawondo anga otupawa sakufunanso galimoto."

"Manachesi mudzatutira pa chiyani?"

"Pamutu pako. Pita ukagule tikiti. Juni ndi wotchipa, tchuthi chatha. Naoto wati apempha masiku kuntchito."

Tsuyako anatsala pang'ono kulira, ndiye anapita kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale. Ndalama za tikiti zinalipo tsopano, za mphatso za m'mudzi zinalipo. Zinatsala nkhope khumi ndi zinayi zija. Zogula m'sitolo zooneka bwino sakanakwanitsa, ndipo zotchipa sakanapereka. Tsiku lomwelo anatsegula bokosi la malemu mayi ake n'kutulutsa kimono yawo yabuluu, ya nsalu yoluka pamanja, imene ankavala pa zikondwerero. Anaganiza zosoka timatumba khumi ndi tinayi, kalikonse ndi chingwe chake chomangira, kuti mwana aliyense wa ku Hilo akhale ndi kachidutswa ka agogo ake amene sanawadziwe. Mphatso yotereyi ngakhale dola singagule. Atangoganiza zimenezi mtima unakhala pansi kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Yanai.

"Ukasokere konko," anatero a Jinpei.

"Munaonapo mlendo akusoka mphatso pamaso pa eni nyumba?"

Kale akanatha tonse m'masiku atatu. Koma zala zinali zitapindika ndi nyamakazi, ndipo Juni ndi mwezi wa mvula, pamene mfundo zimatupa. Kathumba kamodzi kankamutengera masiku awiri. Kakakhota msoko ankakasula n'kuyambiranso, chifukwa a Mitsue anali ndi diso la mayi awo pa nkhani ya misoko. A Jinpei ankamulowetsera ulusi pasingano akung'ung'udza.

Lamlungu la pakati pa Juni, foni inaitana kwa nthawi yaitali Harue asanayankhe n'kuigwirizira kukhutu kwa mayi ake.

"Achemwali, kwanuko kudakali dzulo?"

"Dzulo." Mawuwo anali opyapyala ngati pepala. "Bondo la Jinpei lili bwanji?"

"Likuchira pang'onopang'ono..."

"Alamu!" anakuwa a Jinpei kuchokera kumbuyo, pakamwa atayandikitsa pafoni. "Bondo langa lili bwinobwino! Ndingavine nalo! Mng'ono wanuyu akusoka timatumba!"

Tsuyako anawakankha ndi chigongono, koma zinali zitamveka. Anafotokoza zonse, za kimono, za anthu khumi ndi anayi, maso ali pansi ngati kuti mkulu wakeyo akumuona.



"Chitsiru iwe," anatero a Mitsue. "Ana anowa sadziwa n'komwe zimenezo. Amalowa m'nyumba za eni ndi botolo limodzi la zakumwa, n'kumwanso okha. Bwera chimanjamanja, Tsuya. Ukafuna kunyamula kanthu, unditengere zipatso zija, ume wa mumtengo wa amayi, woviika mumchere uja, atatu okha. Ndi nkhope yako yonyansayo."

"Inu simunabwerepo kuno chimanjamanja."

"Ine ndinkaopa. Ndinathawa n'kukusiyira amayi. Masutikesi aja anali opepesera, sunadziwe?"

Zimene zinatuluka pakamwa pa Tsuyako ndi izi: "Kwatsala tinayi tokha. Masiku khumi ndifika."

"Masiku khumi." A Mitsue anapuma kangapo. "Chabwino. Kuno kudakali dzulo, ndiye ine ndili ndi tsiku limodzi lapadera. Usakhotetse misoko."

"Pita mawa ku Yanai," anatero a Jinpei foni itatha. Sankaseka.

"Lolemba la mawa lino ayi. Linalo. Ndikhala nditamaliza."

Foni inalira Lachinayi, dzuwa lili pamutu, mvula itangokata. Tsuyako anali pakati pa kathumba kachikhumi ndi chiwiri. Anamvetsera Chijapani chophweka cha Harue, chimene chinalibe mawu ozungulira oti munthu abisalemo. Anati, "Zikomo pondiuza. Wagwira ntchito yaikulu, mwanawe." Anaika foni pansi, n'kutola singano, n'kumaliza msoko umene anausiya. Anamanga mfundo, kuluma ulusi. Kenako anakhala chomwecho, kathumba kali pamiyendo, mpaka a Jinpei analowa kuchokera kumunda, n'kumuyang'ana, n'kuvula chipewa.

Naoto anati agula tikiti ya tsiku lotsatira, ikhale yodula bwanji, kuti mayi ake akafike pamaliro.

"Ndikaone ndani?" anafunsa Tsuyako.

Sabata yotsatira anamaliza timatumba tiwiri totsala, n'kutumiza tonse papositi. Kenako anavala zakuda, kutenga maenvulopu khumi ndi asanu ndi anayi aja, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Ulendo sunachitike, ndiye kamba ayenera kubwerera kwa eni ake. Pakhomo lililonse ankawerama, kupepesa chifukwa chowavutitsa pachabe. Anayambira kumtunda n'kumatsika, nyumba ya a Sumie anaisiya komaliza.

A Sumie anamupeza ataima pakhomo, envulopu ili m'manja awiri.

"Lowa, usaime ngati wotolera msonkho."

Anamukhazika pansi, kumuthirira tiyi wozizira wa balere, n'kumufunsa chimene chinamuchedwetsa, popeza pasipoti inatuluka maluwa asanaphuke. Tsuyako anali atanamiza nyumba khumi ndi zisanu ndi zitatu za bondo. Apa anatopa, ananena zoona.

"Khofi?" anatero a Sumie. "Chokoleti? Ine? Ndili ndi matenda a shuga ndi mano awiri, ndipo sayang'anizana n'komwe. Chimene anabweretsa Mitsue ulendo watha ndinapatsa adzukulu, m'bokosimo ndimasungamo mabatani." Anagogoda pansi ndi ndodo. "Ine ndimafuna udzandiuze ngati wachita imvi ngati ine, ngati akuyendabe mokhotetsa phazi lija. Basi. Ndinapereka ndalama yanga kuti maso ako akaone m'malo mwa anga."

"Mukanandiuza."

"Ukanandifunsa. Koma ukanabwera wopanda kanthu ndikanakunena ndithu, ndisaname. Sabata imodzi. Kenako ndikanaiwala, masiku ano ndikuiwala ndi mpunga pamoto."

Anadzuka movutika, kulowa kuchipinda, n'kubwera ndi envulopu ina ya kaulusi kakuda ndi koyera. Anatulutsa ndalama mu yoyamba ija n'kuzilowetsa mu yachiwiri, Tsuyako akuona.

"Ichi ndi chipepeso. Ichi sungabweze."

Pofika madzulo a tsiku lotsatira, maenvulopu onse khumi ndi asanu ndi anayi anali atabwereranso patebulo paja, atavala zakuda. Chipepeso nachonso chili ndi mphatso yake yothokozera, tiyi ndi kathawulo, koma zimenezo zimagulidwa ndi mayeni, ku Yanai komweko, ndipo Tsuyako anazigula tsiku limodzi.

A Sumie ndi amene anawerenga pazala kuti masiku makumi anayi ndi asanu ndi anayi a maliro akwana mwambo wolandira akufa wa Obon usanafike. Ndiye kuti a Mitsue akanatha kubwera chaka chomwecho pamodzi ndi akufa ena onse, amene amabwerera kwawo masiku anayi a pakati pa Ogasiti.

Naoto anabwera yekha, pa sitima yoima paliponse, chifukwa matikiti a banja lake lonse la anthu anayi sakanatheka. Pa tsiku la khumi ndi chitatu la Ogasiti anapita kumanda kukatsuka miyala. Tsuyako anapachika nyali yoyera pakhonde, ija timapachikira munthu amene akubwera koyamba kuti asasochere. A Jinpei anakhala pansi ndi nkhaka, biringanya ndi timitengo todyera, kupanga zokwera za akufa monga chaka chilichonse: hatchi ya nkhaka kuti abwere mofulumira, ng'ombe ya biringanya kuti abwerere pang'onopang'ono atasenza katundu. Chaka chino anapanga hatchi ziwiri. Yachiwiriyo anasankha nkhaka yaitali kuposa zonse m'dimba, n'kuiika miyendo italiitali.

"Imeneyo ndi hatchi kapena kakowa?" anafunsa Tsuyako.

"Pali nyanja pakati. Ukufuna alamu afike atanyowa?" Anaiimika pamphasa patsogolo pa kabati ya makolo, n'kuikonza mwendo umodzi. "Iyi ndiye sifunsa za yeni. Mafuta ake ndi madzi a m'dimba."

Tsuyako sanaseke, koma sanawakalipirenso. Anapita kuchipinda n'kubwera ndi kathumba kena kabuluu, kachikhumi ndi chisanu, kamene anasoka ndi nsalu yotsala ya kumkono wa kimono. Posoka tija sanawawerengere a Mitsue. Anawerenga nkhope zonse za pachithunzi kupatula ya pakati. Anatsegula mtsuko, kusankha ume atatu ofewa bwino, kuwakulunga m'tsamba, n'kuwaika m'kathumbamo. Anakamangirira pamsana pa ng'ombe ya biringanya. Ng'ombeyo inapendekeka, a Jinpei anaiwonjezera mwendo wachisanu.

Dzuwa litapendeka anatuluka kuchipata ndi mbale yadothi ndi timapesi touma, kukayatsa moto wolandirira. M'mudzimo munkafuka utsi pazipata zingapo, paliponse okalamba awiri kapena mmodzi. Kumunsi a Sumie anali atakhala pampando pafupi ndi moto wawo, ndipo anakweza ndodo. Tsuyako anagwada, kuyatsa, n'kutchingira mphepo ndi dzanja. Timapesi tinayaka msanga, monga timachitira. Anayang'ana msewu wochokera kugombe mpaka moto unasanduka phulusa.

Sanadzuke. A Jinpei anaima kumbuyo kwake, akusinthasintha mwendo, chifukwa bondo linkawawadi tsopano.

"Mayi a Naoto," anatero mofatsa. "Kwawo kuja kudakali pa khumi ndi chiwiri. Mwina sananyamuke."

Tsuyako anatola timapesi totsala, kutimanga bwinobwino, n'kutiika pansi pa denga la chipata pamene mame sangafike.

"Ndiye tiyatsanso mawa," anatero. Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, mofulumira, ngati akuchotsa utsi. "Chitseko musatseke. Ndipo akafika musawafunse za masutikesi. Abwere momwe alili."